Tsiku Limene Azakhali Anagwa Osagwetsedwa

Azakhali anga ndi telala. Kashopu kawo n'kopanikiza moti kasitomala akafuna kuyesa diresi, iwo amayamba atuluka panja. Saluni yanga ili khomo lotsatira, ndipo tsiku lonse ndimamva makina awo akulira kuseri kwa khoma. Makinawo akangoti zii, ndiye kuti pali munthu amene akulandira malangizo osapempha.

Masewera odziteteza anawayamba imvi zitayamba kale. Tsiku lina masanasana, munthu anawatsomphola chikwama pa siteji ya basi n'kuwakankhira m'ngalande. Za chikwamacho sanadandaule kwenikweni. Chinawadya mtima n'chakuti anangoti kakasi, osakuwa, osagwira ngakhale malaya a wakubayo. Mabala atapola anakwera masitepe a holo ina ya pamwamba pa sitolo ya zitsulo, kumene bambo wina wadazi, amene timangowatchula kuti a Kochi, amaphunzitsa masewerawa.

"Mwabwera kudzalembetsa mwana, mayi?" anafunsa a Kochi.

"Mwanayo ndine," anatero azakhali, akuvula nsapato.

Yunifolomu anadzisokera okha. Posakhalitsa anayamba kutikokera kumeneko mmodzimmodzi: ine, mayi wogulitsa zipatso pakona, ngakhale atsikana a ku famase yogulitsa mankhwala. Ukakana, ankakugwira dzanja n'kunena kuti, "Tadzilanditsa tione." Ukalephera, Loweruka unali kuholo.

Chinthu china chimene sachiphonya n'kupereka magazi. Mwana wawo wamkazi, msuweni wanga, anataya magazi ambiri pobereka, ndipo anapulumuka ndi magazi a anthu osawadziwa. Chiyambire pamenepo, achipatala akangokhoma tenti yawo pafupi ndi msika, azakhali amakhala oyamba kupinda mkono wa bulauzi.

Loweruka lina zinthu ziwirizi zinagundana. Tenti inabwera m'mawa, ndipo masana kuholo kunali mayeso opezera lamba wobiriwira, amene azakhali anali atawakonzekera kwa miyezi. Zimene zinachitika kutentiko anandiuza pambuyo pake. Namwino anawamata pulasitala, n'kuwauza kuti amwe madzi ambiri, adye bwino, ndipo tsiku limenelo asanyamule zolemera kapena kuchita masewera amphamvu.

"Ndamva, mwanangu," anayankha motero, koma mtima uli pa lamba. Chakumwa chimene anapatsidwa anangochilawa, n'kuthamangira kushopu kukamaliza diresi la mkwatibwi. Nkhomaliro inawadutsa. Pulasitala uja anabisika m'mkono wautali wa yunifolomu, ndipo sanauze munthu aliyense.

M'holomo munkatentha ngati mu uvuni. Tinathamanga mozungulira, tinadumpha, tinamenya thumba la mchenga. Ndinaona kuti azakhali atuwa milomo, koma ndinkangoti ndi mantha a mayeso. Kenako inafika nthawi yoonetsa kudzilanditsa, ndipo wakuba wawo ndinali ine. Ndinawagwira kumbuyo. Anawerama, nandinyamula pamsana, n'kundimenyetsa pa matiresi bwinobwino. Anthu anaomba m'manja. Ndikudzuka, ndinaona magazi akufalikira pa mkono wa yunifolomu yoyera ija.

"Wazimitsa magetsi ndani?" anafunsa azakhali, dzuwa lili phwee pawindo.

Miyendo inalobodoka, n'kugwa chammbali, mutu kuphonya benchi pang'onong'ono.

A Kochi anawagoneka chagada, miyendo anaisanjika pa thumba la mchenga, n'kulamula kuti titsekule mawindo onse. Atapinda mkono uja anapeza pulasitala atamatuka, pobayidwa singano pakuchucha. Anapanikiza ndi nsalu yoyera, mkono uli m'mwamba. Azakhali anatsitsimuka msanga, ndipo mawu awo oyamba anali akuti, "Ndakhoza?"

"Mwapereka liti magazi, mayi?" anafunsa a Kochi.

"M'mawa. Koma anali ochepa."

"Ochepa? Mukanandiuza, mayeso anu ndikanasuntha. Lamba sawola ayi."

Mmodzi wa atsikana a ku famase anathamangira madzi ndi chakumwa chotsekemera. Mphamvu zitabwerako tinawaperekeza kuchipatala, kumene anawayeza n'kunena kuti palibe choopsa, akapume. Msuweni wanga anafika akuthamanga, mwana ali kumsana.

"Amayi, mukufuna magazi amene mwapereka m'mawa akubwezereni madzulo?"

Azakhali anakokera mkono wa yunifolomu pansi, kubisa pulasitala watsopano.

Thupi linachira msanga, koma manyazi anatenga nthawi. Kuholo anasiya kupita. Madzulo ena ndikutseka saluni ndinawapeza akuchapa yunifolomu ija m'beseni kuseri kwa shopu, ngakhale banga linali litachoka kalekale.

"Ndinakokera ana a eni kumeneko kuti aphunzire kuimirira," anatero osandiyang'ana. "Ndiye aone ine ndili gada ngati mphemvu?"

Ndinawauza zoona, kuti m'gulu lathu atsikana awiri anali atakapereka magazi koyamba, ndipo onse anayamba afunsa a Kochi tsiku loyenera kupuma. Anangoti "Hm," n'kupitiriza kufinya.

Amene anawabweza ndi a Kochi. Anabwera kushopu ndi buluku long'ambika pakati loti alisoke, nakhala pampando wa makasitomala, n'kulengeza kuti sachoka mpaka amve tsiku lobwerera. Shopu ija kuchepa kwake, panalibe kothawira.

Masiku ano azakhali amaperekabe magazi, ndipo tsiku limenelo yunifolomu imatsala kunyumba. Kuholo amabwerabe, koma amakhala pabenchi ndi botolo lalikulu la madzi, n'kumakuwa kuposa a Kochi: "Werama iwe! Chiuno chimenecho ukusungira ndani?" Aliyense wolowa amayamba wawaonetsa mikono yonse iwiri. Wopezeka ndi pulasitala amakhala nawo pabenchipo, afune asafune.

Mayeso aja anabwereza nyengo yozizira, atadya, atamwa, atagona mokwanira. Wakuba ndinali ine ndemwe. Anandigwetsa mwamphamvu moti Lolemba makasitomala anga ndinawaluka tsitsi nditakhala pansi.