Chidani Changa Chinatentha Fodya wa Mayi Wamasiye

Inu owerenga, ine ndinamenya nkhalamba yosalakwa pamaso pa komboni yonse. Ndisanachite zimenezo ndinali nditatentha kale chuma cha mayi wamasiye ndi kupundula dzanja la mkazi wanga. Ndikulemba izi mtima ukuwira, ndipo amene ndamukwiyira kuposa onse ndine ndemwe.

Ndinabadwira pa pulazi ya fodya kufupi ndi Mvurwi. Bambo anga, omwe anachokera ku Dedza ali mnyamata, anamwalira atandisiyira pikiapu yakalekale, ya kabuleta, imene anagula kwa mzungu wa pulaziyo itatopa kale. Pulazi itagawidwa, ntchito yanga yoyendetsa thalakitala inatha. Anzanga analowa m'maricho, kulimira eni minda atsopano, koma ine ndinkadyera galimotoyo. Ndinkanyamula feteleza, nkhuni zowotchera fodya, ndi mabelo ikafika nyengo yogulitsa.

Pa komboni pathu pali makanika wachikulire, a Mbewe, amene anali mnzawo wa bambo anga. Ndinkadana nawo koopsa. Tonse titachotsedwa ntchito, iwo okha ndiwo anasungidwa ndi bwana watsopano, ndiye ndinangodziuza kuti ndiwo anakandinenera zoipa. Umboni ndinalibe ngakhale pang'ono. Ndikawaona ndinkalavula malovu n'kuyang'ana kumbali.

Nthawi imeneyi n'kuti pa pampu tikuthira petulo wosakaniza ndi etanolo wa ku nzimbe, amene kuno timangoti blendi. Ine sindinaganizepo kanthu. Anzanga a pamowa ankati petulo ndi petulo basi, zina zonse ndi nkhani za amakanika ofuna kudyera anthu. Zitsiru zimenezo mpaka lero zikuyankhulabe choncho, ndipo palibe mmodzi mwa iwo amene anakhalapo ndi galimoto.

Tsiku lina ndikutsitsa matumba pachigayo, a Mbewe anaima pafupi n'kununkhiza. Anawerama, anagwira payipi ya mafuta ya galimoto yanga ndi zala, kenako anati, "Mwananga, blendi amadya mphira wakale ngati uyu. Sintha mapayipi onse ndi sefa. Ndipo usamaigoneke miyezi thanki ili theka, mafuta amenewa amakoka madzi."

Pamaso pa amayi onse amene anali pamzere ndinawayankha kuti, "Mdala, ngati mwasowa ganyu kapempheni kwa bwana wanu. Manja anu asakhudzenso galimoto ya bambo anga."

Anapukuta zala pa ovolosi n'kumapita.

Zizindikiro zinabwera, abale anga, sindinganame. Injini inayamba kutsokomola pokwera mtunda. Fungo la petulo linkalowa mpaka mkati. Nditaona payipi ina ikuchita thukuta, ndinaimanga ndi mphira wa chubu cha njinga. Ndinkadziwa kuti kugula mapayipi atsopano n'kuvomera kuti a Mbewe ananena zoona, ndipo zimenezo ndinati bola kufa. Mvula itakula, misewu ya kuminda itasanduka matope, ndinaimika galimotoyo pansi pa mtengo kwa miyezi itatu, mafuta ali momwemo.

Msika wa fodya utatsegulidwa, anabwera mayi Nachisale, amasiye a nyumba yoyandikana ndi yathu. Anali ndi mabelo asanu ndi limodzi ochokera pa kamunda kobwereka, thukuta lawo la chaka chathunthu, ndipo anandipempha ndiwaperekeze ku okushoni ku Harare. Galimoto inavuta kulira m'mawa umenewo, mpaka tinachita kuikankha. Mkazi wanga anakwera nafe kuti akaone mchemwali wake m'tauni.

Titayenda ngati ola limodzi, mkazi wanga anati fungo lanyanya, tiime. Ndinamukalipira kuti za injini sazidziwa. Pasanapite nthawi utsi unatulukira m'mbali mwa boneti, ndipo pamene ndimaponda buleki moto unali utayenda kale kunsi. Tinalumpha tonse atatu. Inu mukudziwa mmene fodya wouma amayakira. Mkazi wanga anathamangira kumbuyo kuti akokeko belo ngakhale limodzi, moto n'kugwira mkono wa bulauzi yake. Ndinamugwetsa pansi n'kumuthira dothi, koma dzanja linali litapsa kale. Mayi Nachisale sanalire. Anangokhala pansi m'mbali mwa phula, miyendo atatambasula, kuyang'ana mabelo awo akusanduka phulusa.

Apa ndi pamene munthu wanzeru akanagwada. Ine ayi. Mkazi wanga ali m'chipatala, ndinazungulira komboni yonse kuuza anthu kuti a Mbewe anacheka payipi yanga ndi mpeni chifukwa ndinawanyoza. Ena anandikhulupirira. Lamulungu anthu akutuluka m'tchalitchi ndinawatchingira pakhomo, ndinawatchula mfiti, ndipo ndinawamenya chibakera kukamwa. Munthu wa msinkhu wa bambo anga anagwa chagada pa masitepe, mano awiri atathyoka, Baibulo lake lili m'fumbi.

Sanapite kupolisi. M'mawa mwake anatenga akulu ampingo awiri ndi ine, tinakwera kombi mpaka pamene panali chigoba cha galimotoyo. A Mbewe analowa kunsi n'kutulutsa kachidutswa ka payipi kamene moto sunakafike. Anakapereka m'manja mwanga. Kanali kofewa, kong'alukang'aluka, kakunyenyeka ndikakafinya. Panalibe pamene mpeni unadutsa. Mkulu wampingo mmodzi anandiyang'ana n'kupukusa mutu, ndipo pobwerera palibe amene anakhala nane mpando umodzi.

Lero mkazi wanga ali kwa makolo ake ku Beatrice. Zala zake zitatu sizipindika, ndipo sandiyankha foni. Mayi Nachisale analandidwa kamunda kaja, tsopano amayenda m'maricho ngati ine. Timakumana m'mizere ya fodya wa anthu ena. Ndikawapatsa moni amangoweramira khasu. Kwa a Mbewe ndapitako katatu kukapepesa. Amandipatsa mpando, amandimvetsera, koma akamayankhula ndimangoona mpata wa mano aja.

Inu owerenga amene muli ndi magalimoto akale, makamaka a kabuleta, ndimvereni. Sindikunena kuti galimoto yakale singayendere blendi. Thalakitala yaing'ono ya petulo ndi lole yakale zimene a Mbewe amasamalira zikuyenda mpaka lero, chifukwa anazisintha mapayipi, amatsuka thanki, ndipo sazisiya zitagona ndi mafuta. Pitani kwa makanika wodziwa akuonereni mphira uliwonse umene mafuta amadutsamo. Mukamva fungo la petulo, imani pomwepo, zimitsani injini, tsitsani anthu. Musamange payipi ndi chubu. Musamvere akatswiri a pamowa, chifukwa tsiku la moto sadzakhalapo.

Ndipo ngati amene wakuchenjezaniyo ndi munthu amene mumadana naye, danani nayeni ngati mukufuna, koma payipiyo kasintheni. Pa mpando wa pambali panu pamakhala munthu amene mkangano wanuwo sukumukhudza, ndipo ndiye amene adzapse.