Kompyuta Yobwera m'Bulangeti

Chinthu chimene sanachione m'kati, Enesi Chalo sachikhulupirira. Ngakhale chivwende pamsika wa ku Kadoma amauza wogulitsa kuti achidule kaye. Khalidweli anatengera malemu bambo ake, amene anatha zaka makumi atatu akumasula mapampu a m'migodi uku akutukwana m'Chilapalapa, chiyankhulo cha m'migodimo. Agogo ake anachokera ku Ntcheu wapansi, koma Enesiyo anabadwira ku Ingezi, komboni ya ku Kadoma, ndipo ndi komwe akukhala mpaka lero.

Ntchito yake ndi yojambula mapu. Okumba golide ang'onoang'ono, amene kuno amawatcha makorokoza, amamuitana kuti aulutse droni pamwamba pa malo awo. Zithunzizo amazilumikiza pakompyuta, n'kuonetsa pamene padutsa malire. Ndi ntchito yabwino ndithu malinga ngati malirewo ndi a anthu ena.

Chaka chatha m'mwezi wa Ogasiti, ntchitoyo inalowa m'nyumba. Mlongo wake Kudzai, bambo wa ana atatu, anali ndi dzenje ku Gadzema, ndipo gulu loyandikana naye linkati dzenjelo lili m'dera lawo. Anthu amenewo sankakangana ndi pakamwa ayi. Anali atatema kale mnzake wa Kudzai paphewa ndi chikwanje. Akuluakulu a mbali zonse anagwirizana kuti zikwanje zikhale pansi kwa masabata awiri, mpaka Lachisanu lomwe Enesi adzabweretse mapu. Adaniwo anavomera chifukwa ankamudziwa kuti sanama, ndipo anali atawajambulirapo iwo omwe.

Zithunzi zinalipo zikwi zitatu. Laputopu yake yakale inayesa kuzimeza, inatentha ngati ayironi, n'kuthima osadzukanso. Mwamuna wake Elisha anamuuza kuti akwere kombi ya ku Harare akagule kompyuta yatha kale kumangidwa. Enesi anapitadi, koma zamphamvu zimene anazipeza zinali zopuma pantchito m'maofesi, zomatidwa pepala loletsa kutsekula. Wogulitsa analumbira kuti m'katimo zonse ndi zatsopano. Kwa Enesi kulumbirako ndiye kunaononga malonda. Anabwerera chimanjamanja, nasankha yekha chipangizo chilichonse pa intaneti, n'kutumiza zonse kwa msuweni wake ku Joni. Wonyamula anali azakhali ake a Roselyn a ku Chegutu, amene achita geni ya pabasi kwa zaka makumi awiri.

Basi inachedwa masiku atatu. Lachitatu m'mawa, kutatsala masiku awiri, Enesi anafika kwa azakhaliwo n'kuyamba kuyang'anayang'ana makatoni. Panalibe ndi limodzi lomwe.

"Makatoni ali kuti, Tete?" anafunsa.

"Ndinataya ku Musina," anayankha a Roselyn monyadira. "Iwe, pabodala chinthu cha m'katoni ndi chatsopano, a msonkho amadyapo mari, ndalama zankhaninkhani. Ndinavula zonse. China chija ndinachipaka kafumbi kuti chioneke chakale."

Amalonda a pabasi amaterodi ndi nsapato, maketulo ndi mawailesi, ndipo palibe ketulo inadandaulapo. A Roselyn anafunyulula bulangeti laubweya. Purosesa, ubongo wa kompyuta, inali m'kachitini ka mafuta odzola. Bolodi lalikulu, lomwe zipangizo zonse zimalumikizidwapo, linagona pakati pa majuzi lopanda thumba lake. Kachivindikiro koteteza malo a purosesa kanalibepo, chifukwa azakhali anati kankawala kwambiri.

Enesi anayang'anitsitsa malo a purosesawo. Pamalo amenewo pamakhala timano tachitsulo toposa chikwi, toonda kuposa tsitsi. Atapendeketsa bolodilo padzuwa anaona pangodya timano titagona ngati udzu wopondedwa. Anafuna kukalipa, koma ungakalipire bwanji munthu wamkulu amene wagona pabasi masiku atatu chifukwa cha iwe? Anawomba m'manja kuthokoza, napempha singano.

Masana amenewo anakhala pazenera kunyumba kwake, foni ikumukulitsira timano tija. Anali ndi mantha enieni. Ankadziwa kuti kadzino kamodzi kakathyoka, bolodi lina silingafike Lachisanu lisanakwane, ndipo nkhani ya malire idzaweruzidwa ndi zikwanje. Ankakankha kadzino pang'ono, n'kupuma, n'kupukuta thukuta kuti lisadonthere pabolodi. Elisha analowa ndi mbale ya sadza, nsima yakuno, naona nkhope ya mkazi wake, n'kutuluka nayo mwakachetechete. Kadzino komaliza kanagwedera kawiri ngati kothyoka, kenako kanaima pamzere ndi tinzake.

Anamanga zonse, nadina batani. Mafani anazungulira, n'kuima. Enesi anatseka maso. Anazunguliranso, ndipo zilembo zinaoneka pagalasi. Sanasekerere, anangokhala pansi pa simenti.

Kompyutayo inali chilombo. Ntchito imene inapha laputopu inaimaliza Lachinayi dzuwa lili paliwombo. Gadzema yense anaonekera pagalasi, milu ya dothi lofiira, misasa ya mapulasitiki, ndi zikhomo zakale za malire zomwe Enesi anaziyeza yekha. Anajambula mzere kuchoka pa chikhomo china kufika pa chinzake. Dzenje la Kudzai linagwera kutsidya, mamita anayi m'dera la anthu aja.

Anabwereza katatu, akufunafuna polakwa. Anafika polakalaka kuti bolodi lija likhale lopenga, koma analikonza bwino kwambiri. Mzerewo akanatha kuusuntha ndi chala chimodzi. Kungoti adaniwo tsiku lina adzaitana wina woyeza, ndipo tsiku limenelo sadzadikiranso akuluakulu.

Anaimbira Kudzai. Foni inalira nthawi yaitali, kenako anayankha akupuma mwawefuwefu, kumbuyo kwake amuna akuimba.

"Sisi, mwamva kale? Tagunda bhande lero m'mawa," anatero, kutanthauza mwala wokhala ndi golide. "Akuoneka ndi maso. Ana anga sadzagwiranso fosholo."

"Kudzai, tamvera. Mapu atuluka. Dzenjelo si lako. Tulutsa anthu ako lero lomwe."

Kuimba kuja kunkamvekabe. Mlongo wake anayankhula motsitsa mawu, m'Chichewa choyera chimene ankachisungira maliro.

"Achemwali, musabwere mawa. Nenani kuti makina sanayake."

"Ndikapanda kubwera abwera ndi zikwanje."

"Mukabwera, ine sindituluka," anatero Kudzai, n'kudula foni.

Enesi anasindikiza mapuwo momwe analili. Anawapinda, nawaika m'chikwama, n'kuuza Elisha kuti akatenge mkazi wa Kudzai ndi ana atatu aja, agone ku Ingezi.