Kiyi Wachiwiri Anali M'thumba la Malemu

Azakhali anga amasoka makatani. Amagwirira ntchito m'chipinda chakumbuyo, chomwe zenera lake linayang'anizana ndi khoma la anansi, ndipo kuseri kwa dzanja lawo lamanja kuli chipsera cha simbi chimene anachitenga adakali mtsikana. Sitolo ya njerwa sanakhalepo nayo. Sitolo yawo inali tsamba la pa intaneti. Akamaliza makatani ankawapachika pachitseko, n'kugwira m'mphepete kuti mapindo aoneke, n'kujambula ndi dzanja linalo. Ogula onse, eni nyumba zogona alendo ndi akwati atsopano omwe, ankawapezera patsambapo.

Mnzawo wogulitsa nsapato atalandidwa tsamba ndi mbava za pa intaneti, azakhali anachita mantha. Anapita kwa wokonza mafoni wa pakona, yemwe anthu amangomutchula Injiniya, ndipo amuna awo, omwe anali dalaivala wa lole, anawaperekeza.

"Mawu achinsinsi okha ndi chitseko chansalu, amayi," anatero Injiniya. "Tiike loko wachiwiri. Wofuna kulowa kapena kusintha kanthu azidikira kaye nambala yobwera pa foni. Koma isakhale foni yomweyi, chifukwa akakutsomphorani pamsika atenga chitseko ndi kiyi yemwe. Gulani simukhadi ina m'dzina lanu, muziisunga m'chitini cha ulusi. Apo ayi, tiike nambala ya munthu amene mumamukhulupirira."

"Mkazi wa manambala awiri?" anatero adalaivala, atatsamira tebulo la mawaya. "Inayo aziimbira ndani, ulusi? Ikani yanga, Injiniya. Foni yangayi ngakhale mbava itaitola ikhoza kuibweza n'kupepesa."

Onse anaseka, azakhali omwe. Amuna awo sanali munthu woipa, ndipo ankawakonda. Komabe mkazi akafunsidwa pamaso pa amuna awiri ngati amakhulupirira mwamuna wake, yankho limene angathe kupereka limakhala limodzi lokha. Injiniya analemba nambala ya adalaivala.

Loko uja anagwira ntchito yake. Mbava zinayesa, nambala inkalira m'thumba la adalaivala ali panjira, iwo n'kuimba foni kunyumba: "Amake mwana, alendo anu aja agogodanso." Malangizo a Injiniya anali olondola. Cholakwika chinali chakuti onse atatu ankaganiza kuti wakuba amakhala mlendo.

Adalaivala anadwala pang'ono n'kutisiya. Pamaliro, akulu awo a malemu anatenga foni ija kuti aziyankha anthu opepesa, ndipo aliyense anawayamikira kuti athandiza namfedwa. Maliro anatha, foni sinabwerere. Azakhali anachita manyazi kuifunsa misozi isanaume.

Tsiku limene anabwereranso pamakina, tsamba linawakana. Mawu achinsinsi anali atasinthidwa. Anavala bwino n'kupita kwa alamu awo, ndipo anawapeza pakhonde akupukuta nsapato.

"Alamu, ndabwerera tsamba lija. Mwina mwasintha mosadziwa."

"Mosadziwa bwanji, mlamu? Lili pa nambala ya ndani?"

"Ya malemu. Koma wosoka ndine."

"Makina anu takhudza? Lumo lanu tatenga? Za mng'ono wanga zokha n'zimene tikusamala, kuti zisamwazike. Inu mukadali ndi magazi, mawa mukwatiwa, ndiye thukuta la m'bale wathu likadyetse mwamuna wina?"

Thukuta la m'bale wawo. Malemu sankatha n'kulowetsa ulusi pasingano pomwe, ndipo iwo eni ankaseka za chimenecho.

Injiniya anayesa kudandaula kwa eni intaneti. Yankho linkabwera lofanana: titumiza nambala ku foni yotsimikizira. Makina a intaneti safunsa kuti anachezera usiku ndani kapena singano inabaya chala cha yani. Amangodziwa wogwira kiyi. Achibale akanatenga mipando kapena firiji, anansi akanaona lole pakhomo n'kung'ung'udza. Izi zinatengedwa popanda phokoso, ndipo akuluakulu a banja atamva anati nkhani ya pafoni si yokhalira pansi.

"Ndikanaumirira za chitini zija," anatero Injiniya, maso ali pansi.

"Mukanaumirira, ndikanakana ndine," anayankha azakhali.

Lero patsambapo akazi a alamu aja akugulitsa makatani opyapyala ogula m'mabelo. Zithunzi sanasinthe. Ogula amaona mapindo a azakhali ndi dzanja lachipsera lija, n'kulandira nsanza. Mayi wina wa nyumba yogona alendo anaimitsa azakhali pamsewu n'kuwauza, anthu akumva, kuti umasiye si chilolezo chobera anthu. Azakhali anayamba kufotokoza, koma mayiyo anawagwira dzanja n'kulitembenuza.

"Nanga ili si lomwe lili pachithunzi?"

Azakhali anatsegula tsamba latsopano. Amene amalitsata ndife abale, ndi mnzawo wa nsapato uja. Ogula akale akaliona amati ndi la wonyengezera, poti lenileni amalidziwa. Simukhadi yachiwiri anagula m'dzina lawo, ndipo ili m'chitini cha ulusi, yokulungidwa m'kansalu. M'mawa uliwonse amaiyang'ana ngati ilipo, kenaka amakhala pamakina, kudikira woti amusokere.