Msomali wa Kuseri kwa Chitseko

Ambulera ya aphunzitsi athu inali yakuda, yothyoka nthiti imodzi. Ankaifunda padzuwa la chilimwe pochokera pamalo otsikira basi. Ankakhala ku Chelstone, ndipo ankafika kusukulu kwathu ku Kabwata atatopa kale, fumbi lili mbuu kumapazi.

Nyengo imeneyo ndi imene anayamba kutiphunzitsa ndakatulo. Tsiku lina anatambasula ambulera ija n'kuiika patebulo.

"Osaniuza ati ni ambulela," anatero m'Chinyanja cha m'tauni. "Niuzeni vamene mumvela mukaiona."

Malata ankathetheka ndi kutentha, m'kalasi muli fungo la thukuta ndi choko. Ife tinkafuna mayankho oloweza, oti tikalembe pamayeso. Lero ndikudziwa mmene zimalemetsera mtima kufunsa funso kwa anthu amene akungodikira belu, koma aphunzitsiwo ankafunsabe, mawu atasasa.

Kenako anatiuza kuti aliyense asankhe chinthu chimodzi cha m'nyumba mwawo, alembe za chinthucho osatchula mawu oti chisoni kapena chimwemwe.

Ine ndinasankha msomali wa kuseri kwa chitseko chathu, pamene bambo ankakoleka jekete lawo. Bambowo anali atakwera basi pa siteshoni ya Intercity kupita ku Kitwe kukafuna ntchito, ndipo mvula inagwa n'kutha, inagwanso n'kutha, iwo osabwera. Pamsomalipo panalibe wokolekapo kanthu. Ngakhale malume, amene ankagona pabalaza pathu, malaya awo ankaika pampando.

Ndinalemba kuti msomaliwo wachita dzimbiri, ndipo chitseko chikatsegulidwa umagogoda khoma. Aphunzitsi anawerenga ndakatuloyo pamaso pa onse, pang'onopang'ono, atatsamira tebulo.

"Mwamvela? Sanakambe ati alila. Msomali ndiye wakamba."

Ndinabwerera kunyumba ndikudzimva kutalika.

Mnzanga wa m'kalasi, wa nyumba yoyandikana nafe, anakafotokozera amayi ake za ndakatuloyo, ndipo nkhaniyo inawapeza amayi anga asanalowe n'komwe m'nyumba. Anali akuchokera ku Kamwala kumene ankagulitsa zitenje, mapazi atatupa. Sanandikalipire. Anakhala pampando n'kundiuza kuti ndilakatule zimene ndinalembazo. Ndinaimirira n'kulakatula, iwo akuvula nsapato, maso ali pansi.

Kenako anapempha malume kuti awapatse hamala. Amayi anapita kuseri kwa chitseko, nazula msomali uja, nakautaya kudzala. Atabwerako anasamba m'manja n'kuyamba kusenda anyezi.

Ndinalira mpaka mutu kuwawa. Ndinkaganiza kuti ndakatulo yanga inali yoipa, kuti ndawachititsa manyazi pamaso pa anthu a mu Kabwata. M'mawa mwake aphunzitsi atandifunsa ngati amayi anaikonda, ndinangoyang'ana pawindo.

Ndinali mwana. Sindinkadziwa kuti kudikira nakonso ndi ntchito yolemetsa, ndipo munthu amafika poitula pansi.