Atampoka ndi Mawu a M'chipinda Chotseka

Atampoka amaluka madengu pansi pa mlambe, kuseri kwa nyumba yathu. Ndamudziwa kuyambira pamene anabwera kudzakwatiwa m'mudzi muno, kumpoto kwa tauni ya Bolgatanga, kumene miyala imasunga kutentha mpaka madzulo. Kusukulu sanapiteko. Koma ana asukulu a midzi yonse yozungulira amawadziwa mawu ake, ndipo iye sakondwa nazo.

Mwamuna wake, Abugre, anali mphunzitsi wa masamu. Masukulu ena a kuno analibe wa masamu, choncho iye ankakhala pabwalo masana ndi kompyuta yake n'kumajambula maphunziro, dzanja likulemba, pakamwa pakufotokoza. Tsiku la msika ankakwera pamwala waukulu, pokhapo pamene netiweki imagwira, n'kutumiza phunzirolo pa intaneti. Ana ankaonera pa mafoni a makolo awo, mitu itagundana. Atampoka ankamuseka.

"Aphunzitsi a nkhanga! Mukuyankhula nokha ngati wozungulira mutu. Anawo ali kuti?"

"Ali m'katimu, mayi. Iwe ungoletsa ana ako amawangamawangawo kusokosera."

Chaka china kutentha kunachedwa kutha. Matenda oumitsa khosi anamutenga Abugre sabata yomwe mvula yoyamba inagwa. Tinamuika m'manda, koma mwambo waukulu womuperekeza kwa makolo sitinachite, pakuti mbewu zikalowa m'nthaka ng'oma za maliro siziliranso mpaka titakolola. Munthu wotere amakhala adakali pafupi, sali kuno, sali uko. Mkulu wake wa Abugre, Ayamga, anasonkhanitsa zonse za malemu, khasu, uta, malaya, nsapato ndi kompyuta, n'kuzitsekera m'chipinda. Palibe chotuluka mpaka itayamba mphepo yafumbi imene imabwera tikakolola. Amayi akuluakulu nawo anamulangiza Atampoka kuti akamva mwamuna wake akumuitana, kaya kumunda kaya kuchitsime, asayankhe. Woyankha amatsatira.

Mayeso anali pakati pa dzinja. Lariba, mwana wawo woyamba, anali mmodzi mwa olemba, ndipo masamu ankamuvuta ngakhale anali mwana wa mphunzitsi. Maphunziro otsiriza bambo ake anajambula, koma sanafike nawo pamwala paja. Anali m'kompyuta, kuseri kwa chitseko. Azakhali ake anali atanena kale kuti mwanayo akalephera amutengera kumzinda wa Kumasi, azikasenza katundu wa anthu mumsika.

Atampoka anamupeza Ayamga akupalira mapira. Ine ndinali m'munda woyandikana, ndinamva zonse.

"Alamu, ndabwera."

"Ndakuona. Ngati ndi za chitseko chija, bwerera."

"Mwana alephera."

"Alephere ali ndi mayi wamoyo. Ukufuna mng'ono wanga aziyankhula pabwalo tisanamuperekeze?"

"Akuyankhula kale, alamu. Dzulo ndinamumva kuchigayo, m'foni ya mwana wanu yemwe, akuwerengetsa ana."

Ayamga anaweramuka, khasu lili m'manja. Ndikhulupirira kuti nayenso anali atamumva kwinakwake, osauza munthu.

"Mkazi iwe, pakamwa pako mpakuthwa. Chinthucho sichituluka m'chipinda. Ndanena."

"Ine sindinati chituluke."

M'mawa mwake kunacha ndi mitambo yolemera, yopanda mphepo. Ayamga anathira madzi a ufa wa mawere pakhomo la chipindacho n'kuyankhula motsitsa mawu.

"Abugre, si ife. Ndi ana ako asukuluwa, sakutipumitsa. Uwaphunzitse, ukatha ukhale chete."

Anatsegula. Munatuluka fungo la malaya a munthu. Atampoka analowa yekha, n'kuika kompyuta pampando m'kati mwenimweni mwa khomo, itayang'ana kunja. Waya wa sola tinaulowetsera pawindo. Lariba anagwada panja, natambasula manja okha kudutsa pakhomo, n'kuyatsa. Anzake anakhala pansi kumbuyo kwake, ena atakweza mafoni kuti ajambule, akatumizire a midzi ina. Atampoka anabwerera pakona ya bwalo ndi udzu wake wolukira, n'kumaung'amba ndi mano monga amachitira oluka onse.

"Ana inu, mwadzuka bwanji? Waulesi atuluke pompano."

Anali mawu enieni a Abugre, ndi kachifuwa kake komwe. Mwana wina anayankha kuti tadzuka bwino, kenako anadzigwira pakamwa. Dzanja la Abugre linayenda pagalasi, chipsera cha chikwakwa chikuoneka pachala. Phunziro linapitirira. M'katimo munali dzuwa la chilimwe, kuno kunja kunayamba kuwaza.

Kenako nkhanga za m'kompyuta zinayamba kulira, ndipo za pabwalo pathu zinavomera. Dzanja linaima.

"Atampoka! Atampoka iwe!"

Ndinamuyang'ana. Thupi lake linali litadzuka kale pang'ono, pakuti zaka zonse za ukwati linazolowera kudzuka likamva mawu amenewo. Milomo inatseguka. Ndiyeno analuma udzu uja mwamphamvu, mitsempha ya m'khosi n'kuonekera, osatulutsa liwu.

Koma m'chipindamo munamveka mawu a mkazi, akutali pang'ono, oseka.

"Ndikubwera, aphunzitsi!"

Lariba anaimitsa phunziro. Panangomveka madontho padenga. Mayi wina wachikulire ananong'ona kuti, "Wayankha."

"Sanayankhe," anatero Ayamga. "Ndinali kumuyang'ana pakamwa. Woyankhayo ndi wa chilimwe chija, ameneyo anali ndi mwamuna. Uyu ndi wina."

Palibe anatsutsa, ngakhale palibenso anaoneka wokhutira.

"Amayi, ndizimitse?" anafunsa Lariba.

Atampoka sanachotse udzu m'kamwa. Anangokweza dzanja, n'kuloza kompyuta kuti ipitirire. Tsiku lililonse mpaka maphunzirowo atatha ankakhala pakona pomwepo, udzu uli m'mano, chifukwa sankadziwa kuti aitanidwanso liti.

Dzinja lonselo tinkamuyang'anitsitsa. Akatsokomola, amayi ankayang'anana. Akachedwa kuchitsime, wina ankamutsatira. Mapira anacha, tinakolola, iye adakali nafe. Lariba anakhoza, napita kusekondale, ndipo azakhali aja anabwerera okha ku Kumasi. Mphepo yafumbi itafika, milomo ikung'ambika, ng'oma zinalira ndipo tinamuperekeza Abugre. Pogawa katundu, kompyuta inagwera Ayamga. Sanagone nayo m'nyumba. Anaipereka kusukulu tsiku lomwelo.

Papita zaka. Maphunziro aja akuyendabe m'mafoni, kufika kumidzi imene Abugre sanapondeko. Ana atsopano akafika pa nkhanga paja amaseka, ndipo akakumana ndi Atampoka panjira amamupatsa moni wakuti, "Ndikubwera, aphunzitsi!" Sadziwa kanthu. Iye amangowagwedezera mutu. Mvula yoyamba ikagwa, ana n'kuyamba kukonzekera mayeso, sadutsanso njira ya kusukulu. Amazungulira kuseri kwa miyala, ngakhale ndi kutali ndipo mawondo ayamba kumuvuta.

Tsiku lina mitambo ikusonkhana kum'mawa ndinakhala naye pansi pa mlambe, n'kumufunsa ngati akuopabe.

"Munamuperekeza nonse, ng'oma ndinazimva," anatero. "Koma chaka chilichonse amandiitana, ndipo mtsikana wa m'phunziro muja amavomera. Sakalamba, satopa, amangoseka."

Anang'amba udzu ndi mano, n'kuupota pantchafu.

"Anamva kale kuti ndikubwera. Adikire. Dengu ili silinathe."