Mtima Umene Anaphunzirapo Madokotala

Mwamuna wa mayi wina anali wosoka nsapato pakhonde la sitolo ya eni, koma kamodzi pachaka ankasanduka munthu wofunika. Anabadwa ndi kaphokoso kachilendo mumtima, kosapweteka, ndipo aphunzitsi a pachipatala chachikulu ankamuitana nthawi ya mayeso a ophunzira udokotala. Ankagona pabedi lapafupi ndi zenera, malaya atavula, ophunzira n'kumalowa mmodzimmodzi kudzamvetsera pachifuwa pake. Anamwino anamutcha Abuku, poti ophunzira ankamuwerenga ngati buku. Dzinalo analikonda kuposa limene anamupatsa amayi ake.

Mkazi wakeyo ankamusitira malaya n'kumuperekeza, kenako n'kukhala pabenchi panja pa chipindacho kumamvera belu losinthira ophunzira. Ankamuseka pobwerera: "Ine ndakhala nanu zaka zonsezi, mtima wanuwo sunandiimbireko nyimbo. Ukuimbira ana a eni!"

Panali lamulo limodzi. Mphunzitsi wamkulu analinena tsiku loyamba lenilenilo: "Bambo, muziyankha zokhazo zimene akufunsani. Mukawathandiza, mwawawononga." Munthu uja, amene kunyumba sankasunga ngakhale chinsinsi cha mphaka, lamulo ili analisunga zaka khumi ndi zinayi.

Chaka chomalizacho chakudya chinayamba kumuima pakhosi. Ankatafuna nthawi yaitali, n'kukankhira ndi madzi. Lamba wake anamuboola yekha mabowo awiri atsopano, mwaluso ndithu, kuti mkazi wake asaone. Koma mkazi ndi amene amatsuka mbale.

"Tiyeni mukaime pamzere wa odwala ngati anthu ena onse," anamuchonderera.

"Ine? Manja a madokotala onse aja anadutsa pathupi panga. Chikanakhalapo akanachiona."

"Ndiye pamayeso pomwepo mukatsegule pakamwa, bambo inu!"

"Pamayeso salankhula, mayi. Akafunsa, ndinena."

Tsikulo analowa ophunzira makumi awiri ndi asanu ndi mmodzi. Mayiyo anawawerenga, khutu lili kuchitseko. Mumabanika mukakwera masitepe? Miyendo imatupa? Mumagona ndi mapilo angati? Onse anafunsa za mtima, poti ndi umene anauzidwa kuyeza. Mtsikana wina wamagalasi anati, "Koma bambo, mukuoneka kuti mwachepa thupi..." Mayiyo anaimirira pabenchi. Belu linalira, mtsikanayo n'kuthamangira kubedi lina. Akanatha kulowa mayiyo, n'kukuwa. Anaopa makoti oyera, anaopanso kumuchititsa manyazi mwamuna wake pamalo pokhapo pamene ankalemekezedwa. Anakhalanso pansi, ndipo mpaka lero sanadzikhululukire.

Patapita miyezi isanu ngakhale madzi ankabwerera. Anamugoneka m'chipinda cha odwala wamba, ndipo dokotala amene anabwera anali mtsikana wamagalasi uja.

"Abuku!" anafuula mosangalala. Atawerenga zotsatira za kuunika, chimwemwe chonse chinamuthera. Chotupa cha kum'mero chinali chitafalikira kale, panalibenso chochita.

"Zinayamba liti, bambo?"

"Mayeso anu aja asanafike."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Simunafunse, adokotala."

Anayankha mopanda mkwiyo, ngati akutchula saizi ya nsapato. Mkwiyo wonse unali mwa mkazi wake. Amati safunsa anadya phula, koma apa safunsa anakhoza mayeso, phula n'kudya wina. Ankafuna kutukwana, koma akanatukwana ndani? Mtsikanayo anali ataima chilili, misozi ikunyowetsa magalasi.

Wodwalayo anamukodola ndi chala. "Ndifunseko ine tsopano. Munakhoza?"

"Ndinakhoza, bambo."

"Kaphokoso kaja munakamva bwino?"

"Ndinakamva."

"Basi. Ndiye sindinagone pamenepaja pachabe."

Mayiyo anatuluka kukalirira pamasitepe, pamene anthu ankamulambalala atanyamula mankhwala awo. Mtima wake unasweka chifukwa munthuyo ankanena zoona zokhazokha: anali wokhutira.

Kwa milungu itatu dokotala uja ankabwera tsiku lililonse, ngakhale tsiku lake lopuma, kudzafunsa mafunso onse, kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Mayiyo ankaviika kansalu m'madzi n'kumanyowetsa milomo ya mwamuna wake. Anamwalira Lachinayi masana, chipatala chili chodzaza ndi madokotala amene anaphunzirira pathupi pake, iye ali ndi njala.