Chinkhoma cha alamu anga

Alamu anga, amuna a malemu achemwali anga aakulu, anabwera kudzakwatira m'mudzi mwathu ine ndisanamere ndevu. Kuno m'munsi mwa Michesi mwamuna amakhala kwa mkazi, ndipo iwo anakhala, kulima, kukalamba, mpaka tinaiwala kuti ndi obwera. Achemwali atamwalira tinawasudzula monga mwa mwambo, koma palibe anawauza zonyamuka. Chinawachotsa ndi maso. Ng'ala inatseka diso lakumanzere, lakumanja nalo linayamba kuchita chifunga, ndipo mwana wawo wa ku Blantyre anati sangawasiyenso okha m'nyumba. Anatumiza mawu kuti abwera ndi galimoto Loweruka masana.

Alamu sanakane. Anangopempha kuti asanachoke aonenso chinkhoma.

Chinkhoma ndi kanyama konga mbuzi kokhala m'matanthwe, koima ndi nsonga za ziboda ngati kakusuzumira kuseri kwa mpanda. Paunyamata wawo alamu anali mlenje, ankakwera phiri ndi agalu. Anasiya kalekale, a zankhalango atalimbitsa malamulo, mawondo nawonso atayamba kukana. Koma ankasakabe ndi maso, atakhala pamwala wa kumtunda kwa munda wawo wa nandolo. Ndiye chaka chija napolo anatsika n'kusiya chipsera chofiira paphiri, chinkhoma sichinaonekenso. Ena ankati chinapita ndi matope, ena ankati chinathera m'misampha ya owotcha makala. Ndinayesa kuwalimbitsa mtima kuti anyamata otola nkhuni amati chilipo.

"Zakumva ayi, alamu," anatero. "Ndione ndekha."

Magalasi oonera patali tinali nawo a mitundu iwiri. Aakulu anali awo, olemera ngati njerwa, anawapatsa ndi mzungu wina amene anamuperekeza pampata wa Fort Lister. Pambali pake panalembedwa 7x50. Aang'ono anali anga, olowa m'thumba la malaya, ndinawagula pamsika wa Migowi kwa munthu wogulitsa matochi. Pamenepo panalembedwa 12x25.

Ine sukulu ndinalekezera kupulayimale, koma kuwerenga sindinaleke. Ndimawerenga thumba la feteleza, botolo la mankhwala, ngakhale nyuzipepala yokulungira usipa, mpaka mafuta atafafaniza nkhani pakati. Tsono munthu wotere akaona chizindikiro cha x pakati pa manambala awiri, amachita zimene aphunzitsi anamuuza. Ndinachulukitsa. Aakulu anandipatsa 350, aang'ono 300, ndipo ndinagamula kuti aakuluwo ndiwo amayandikitsa kwambiri. Ndinalalikira zimenezi zaka zambiri, pamaliro ndi paukwati pomwe. Alamu ankavomera, amvekere inu ndinu owerenga. Aang'onowo ndinkangowasunga m'kabati ngati chidole, chifukwa ndikayang'anamo zonse zinkavina ndipo chimene ndikufuna sindinkachipeza.

Lachisanu m'mawa ndinawakweza panjinga n'kuikankha mpaka pothera njira, kenako tinayenda pansi, dzanja lawo lili paphewa langa. Ndinatenga magalasi aakulu okha. Nandolo anali atayamba kuuma, makoko akuchita phokoso tikamadutsa. Titakhala pamwala paja ndinayamba kusesa thanthwe ndi magalasi, kuchokera kumanzere kupita kumanja, monga anandiphunzitsira iwo. Magalasi aakuluwo amatenga malo ambiri nthawi imodzi, ndipo ndi owala. Dzuwa litakwera pang'ono ndinaona kadontho kotuwa pamwamba pa chipsera chija, kakusuntha. Ndinawapatsira msanga, n'kuwalozera kuti atsate mng'alu wakuda mpaka pamtengo wopendekeka.

Anayang'ana nthawi yaitali. Anapukuta diso ndi m'mphepete mwa malaya, n'kuyang'ananso. Anati mng'alu akuuona, mtengo akuuona, koma zinazo ndi phala lokhalokha. Ndinalumbira kuti chinalipo. Anandibwezera magalasi mwaulemu, n'kunena kuti sakunditsutsa, koma munthu wokonda mlamu wake amatha kuona chinkhoma pamene pali mwala. Tinatsika. Pakhomo tinapeza amayi a m'mudzi akumanga katundu wa alamu m'matumba.

Madzulo amenewo, dzuwa lisanalowe, ndinakhala pakhonde ndi magalasi onse awiri, mtima uli wolemera. Mongotaya nthawi ndinaloza aakulu padenga la tchalitchi kutsidya kwa dambo. Ndinaona denga, mitengo ya mango, ndi anthu awiri panjira. Kenako ndinatsamiritsa aang'ono pamsanamira ya khonde. Anthu aja sanaonekemo, mango sanaonekemo, koma padengapo ndinaona dzimbiri, ndi khwangwala akukanda khosi. Ndinabwereza, kusinthasintha. Apo ndi pamene mutu unatseguka: nambala yoyamba ndiyo yoyandikitsa, yachiwiri ndi kukula kwa galasi lakutsogolo, lolowetsa kuwala. Panalibe chochulukitsa. Aang'ono aja ankavina chifukwa amayandikitsa chilichonse, ngakhale kunjenjemera kwa dzanja.

Ndinapita kukawauza alamu. Anaseka koyamba sabata imeneyo, nafunsa ngati ndikabweza ulaliki wanga m'maliro onse amene ndinaulalikira. Kenako anatambasula manja awo kuti ndiwaone mmene ankagwedezekera. Anati ngati magalasiwo amavina m'manja mwa ine, kwa iwo akhala gule weniweni.

Loweruka tinalawira. Panjira ndinadula mtengo wa phanda, wofika pachifuwa, ndipo m'thumba munali mphira wa chubu cha njinga. Pamwala paja ndinazika mtengowo pakati pa miyala, kuutsendera bwino, n'kumangirira magalasi aang'ono paphandapo. Ndinatenga aakulu n'kuyamba kusaka. Aakulu apeze, aang'ono aonetse, ndiwo anali malingaliro anga.

Thanthwe linali duu. Mbira zinatuluka kudzawothera dzuwa, kabawi anazungulira n'kupita. Alamu anakhala pambali, chipewa chili pabondo. Kumunsi ndinkaona msewu wochokera ku Migowi, ndipo fumbi lililonse lotukuka ndinkaliyesa galimoto ya mwana wawo. Mikono inatopa. Ndinayamba kuganiza zoti ndinene ngati tibwerera chimanjamanja.

Chinatulukira kumene sindinkayembekezera, kumanja kwa chipsera, pamwala woonekera kumwamba. Chinaima. Ndinagwada pamtengo paja, kupendeketsa magalasi aang'ono pang'onopang'ono, kutaya malo, kubwerera ku aakulu, kupezanso. Chitalowa pakati pa galasi ndinamanga mphira mwamphamvu n'kuchotsa manja.

"Bwerani, alamu. Musagwire. Ingoikani diso."

Anagwada movutika, manja kumbuyo ngati mwana woletsedwa kukhudza. Anaika diso lakumanja. Ndinazungulitsa kagudumu ka pakati mpaka anati basi, pomwepo. Ine ndinali ndi aakulu, ndikuona kadontho kaja kataima pamalo pake, ndikupemphera kuti kasasunthe.

"Chachimuna," anatero potsiriza, motsitsa mawu ngati chingamve. "Tinyanga tili apo. Chanenepa, alamu. Akanakhala masiku aja, bwenzi achemwali anu akusinja tsabola."

Chinatembenuza mutu, kudumpha kamodzi, n'kulowa kuseri. Alamu anakhalabe chogwada, diso lili pagalasi lopanda kanthu. Sindinawafulumize. Atadzuka anandiuza kuti chinkhoma sichiyenda chokha, chachikazi chiyenera kuti chili pafupi, ndipo ndizibwera kudzayang'ana ana mvula ikagwa.

Galimoto tinaipeza itafika kale, mwana wawo ataima pakhomo ndi nkhope ya nkhawa. Anthu anasonkhana kudzatsanzikana. Ndinafuna kuwapatsa magalasi aang'ono kuti apite nawo, koma anakana, nati ku Blantyre zonse zili pamphuno, palibe choyandikitsa. Aakulu aja anandisiyiranso, amvekere awiriwa asasiyane. Chimene anatenga ndi mtengo wa phanda, umene anatsikira nawo phiri ngati ndodo. Mwana wawo anati m'galimoto mulibe malo, koma iwo anaulowetsa chopingasa, nsonga yake itatulukira pawindo.

Mvula itagwa ndinadula phanda lina. Ndimapitabe kumwala kuja, magalasi ena m'khosi, ena m'thumba, ndipo ndikabwerako ndimawaimbira foni. Amamvetsera mpaka ndimalize, kenako amafunsa ngati ndinaona ndi aakulu kapena ndi aang'ono.